Katswiri wa ku Hungary ndi Mwendo Wanga Wamanzere

Chaka chimene anandichita opaleshoni ya m'chiuno ndinali nditakhala ku Rotherham, tauni ya kudziko la azungu, zaka zoposa makumi awiri. Ndinabwera kuno ndi mkazi wanga, tonse tili anamwino, ndipo tinatumikira m'chipatala cha boma kufikira mphamvu zitayamba kutithawa. Iye anatsogola. Thupi lake tinalitumiza kwathu ku Ntcheu, ndipo anagona pamanda a makolo ake, kuseri kwa chitunda kumene galimoto sifika. Zitapita zaka ziwiri, abale anagwirizana kuti mwambo wa chiliza chake udzachitike mu Ogasiti, anthu atakolola. Ine ndinatuluka m'chipatala mu Febuluwale ndikukoka mwendo wamanzere ngati wobwereka, manja onse awiri ali pa chitsulo choyendera, chija cha miyendo inayi chimene ine mwini ndinaphunzitsa nkhalamba zambiri kagwiridwe kake.

Ndinkakhala ndi mwana wanga wamwamuna, amene nayenso ndi namwino, pamodzi ndi mkazi wake, mpongozi wanga, wogwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mwana wangayo sanapite m'mbali.

"Adadi, njira ya kumanda ija mukuidziwa," anatero. "Pali chitunda, pali khwawa. Mukadzatha kuyenda kuchoka pakhomo pano kukafika pokwerera basi ndi kubwerako opanda chitsulocho, mudzapita. Mukalephera, tidzakujambulirani pafoni."

"Mayi ako ndidzawaonere pafoni?"

"Kusiyana ndi kukakunyamulani pamachira."

Kuyambira tsiku limenelo mpando unandikana. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuima, ndikaima ndinkafuna zenera, ndipo pazenera ndinkayang'ana msewu wopita pokwerera basi monga mlimi ayang'ana mitambo mu Novembala. Ndinkayenda m'kanjira ka m'nyumba kuchoka kuchipinda kukafika kukhitchini, kubwerera, kupitanso, chitsulo chikugogoda pansi, kufikira anansi a kuseri kwa khoma atayamba kukweza wailesi yawo. Mwendo sunamve. Mayi wa mafizo ataupinda ndi kuuwongola anati mankhwala ake ndi madzi, pakuti madzi amasenza thupi, mwendo n'kumaphunzira kuyenda wopanda katundu. Anandilembera kuti ndizipita ku dziwe losambiramo la m'tauni katatu pa sabata.

Apa ndiyenera kufotokoza za m'nyumba mwathu. Ine ndi mpongozi wanga tinkathawana monga mwa mwambo wa kwathu. Sitinkadyera patebulo limodzi, sankandiyang'ana m'maso, ndipo akafuna kundiuza kanthu ankagwada pakhomo la chipinda n'kulankhula akuyang'ana pansi. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, chifukwa bwalo ndi lalikulu ndipo njira n'zambiri. M'nyumba za kuno, zopapatiza ngati bokosi la machesi, unali ngati gule: tikakumana pamasitepe, mmodzi ankabwerera chambuyo kufikira mnzake atadutsa. Tsono mpongozi wangayo ndiye amene anali ndi mpata wa maola awiri m'mawa, pakati pa nkhalamba yoyamba ndi yachiwiri. Ankanditengera ku dziwe pa galimoto yake, ine nditakhala kumbuyo, n'kundisiya pakhomo, iye n'kutsala m'galimotomo.

Tsiku loyamba ndinavala kabudula m'chipinda chosinthira zovala, ndinakankha chitseko cholowera kumadzi, ndipo ndinachitsekanso. Kwathu dooko la amuna lili padera, la akazi lili padera, ndipo munthu woyandikira mtsinje amafuula odi akali patali kuti osamba abisale. Apa amayi a imvi, amisinkhu ya alongo anga, anali m'madzi momwemo ndi amuna, atavala tinsalu tosakwana ndi mpango womwe. Ndinabwerera pabenchi ndi kukhala pamenepo ola lathunthu. Nthawi itakwana ndinapita pampopi, ndinanyowetsa mutu, kabudula ndi thaulo, n'kutuluka. Mpongozi wanga anafunsa akuyang'ana kutsogolo kuti madzi anali bwanji, ndipo ndinati anali ofunda. Ndinachita zimenezi kasanu ndi kamodzi, ine mkulu wa mpingo, wophunzira pamishoni, amene ndinakwapulidwapo ndili mwana chifukwa cha bodza laling'ono kuposa limeneli.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri, nditaweramira pampopi, ndinamva mawu kumbuyo kwanga, m'Chingerezi cholemera ngati changa chomwe.

"Mwaiwala kuseri kwa makutu."

Ndinacheuka. Anali mzungu wokalamba kuposa ine, wamtali koma wowerama, miyendo yowonda ngati ya kakowa, koma chifuwa ndi mapewa ngati za munthu wina amene anazisiya pa iye. Madzi anali kudontha m'nsidze zake.

"Ndakhala ndikukuonani masabata awiri," anatero. "Pa osambira onse amene ndawadziwa, ndinu nokha amene mumatuluka maso asanafiire. Mukuopa kumira?"

Ndinamuuza zoona, pakuti munthu wogwidwa ali ndi nkhuku m'manja sanena kuti anali kuiwerenga nthenga. Ndinamuuza za madooko awiri, za unamwino wanga wakale, za mwendo, za chiliza. Sananditsutse ndipo sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza kumaso kwanga.

"Mukavula magalasiwo mumaona chiyani?"

"Nkhungu yokhayokha."

"Vulani."

"Nanga iwo? Iwo akundiona."

"Bambo namwino, ndani amayang'ana nkhalamba ziwiri?"

Ndinasiya magalasi m'thumba la jekete. Anandigwira pachigongono, ndipo tinalowa mu nkhungu ija, momwe munali phokoso la madzi ndi fungo la mankhwala, koma munalibe mkazi kapena mwamuna.

Sanandiphunzitse kusambira poyamba. Anandiimika m'mbali mwa dziwe, madzi akufika pachifuwa, n'kundiuza kuti ndiyende. Iye ankayenda chambuyo patsogolo panga, manja anga ali pamapewa ake, ndipo mwendo wamanzere ukazembera ntchito ankaudziwa asanauone. "Waulesi uja wagonanso," ankatero, n'kuugogoda ndi chala cha kuphazi. Ankandiuza kuti ndimize nkhope ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Ine ndinkafulumira, chifukwa m'mutu mwanga munali Ogasiti yekha, ndipo iye ankanena kuti madzi sakonda munthu wothamanga mtima. Ndikatopa ankandisiya nditagwira chitsulo cha m'mbali, iye n'kupita. Ngakhale mu nkhungu yanga ndinkaona kuti kusambira kwake sikunali kwa anthu ena onse. Ankasambira mwa chule, koma wopanda phokoso. Akakankha kamodzi ankatsetsereka patali ngati watulo, mutu n'kutuluka, n'kumiranso.

Mbiri yake ndinaimva pang'onopang'ono, pabenchi tikuvala, pakuti sanali munthu woyala nkhani yonse pamphasa tsiku limodzi. Anabadwira ku Hungary, mumzinda wogawidwa pakati ndi mtsinje waukulu, kumene madzi otentha amatumphuka okha pansi. Bambo ake anafera kunkhondo, ndipo mayi ake ankachapa mathaulo pa dziwe lina la mumzindamo. Chotero iye anakulira m'mphepete mwa madzi monga mwana wa msodzi. Mphunzitsi wake anali ndi mtengo wautali umene ankagogodera nawo mitu ya ana akautukula msanga. Asanakwanitse zaka makumi awiri anali atapambana onse a m'dziko lake pa kusambira kwa chule, osati kamodzi kokha, ndipo mamendulo ake mayi ake ankawasunga m'chitini cha masikono. Anasankhidwa kukapikisana kunja. Ali konko anamva kuti akasinja a dziko lina alowa mumzinda wawo ndipo anzake ena a kusukulu aphedwa m'misewu. Tsiku lobwerera, anzake anakwera ndege. Iye anatsala ndi chikwama cha zovala zosambirira.

"Ndinkati ndi miyezi itatu," anandiuza akumanga zingwe za nsapato. "Aliyense amati ndi miyezi itatu. Inu munati ingati?"

"Zaka zitatu."

"Ndinu woleza mtima."

Anafika kuno chifukwa kunali ntchito m'fakitale ya zitsulo. Kupikisana sakanatha, popeza wopikisana amaimira dziko, ndipo iye analibe. Pamene mapepala ake anatuluka, mapewa anali atauma ndi ng'anjo, ndipo achinyamata anali atamupitirira. Anasiya zitsulo n'kuyamba ntchito pa dziwe lakale la m'tauni muno, kukolopa pansi ndi kuphunzitsa ana a anthu a m'migodi. Mayi ake atamwalira, kalata inamupeza maliro atapita kale, ndipo ngakhale ikanafika msanga sakanapita, poopa kumangidwa. Anabwererako kamodzi kokha, dziko litasintha, iye ali ndi imvi. Anapita pa dziwe limene anakulira, ndipo mayi wogulitsa matikiti pakhomo anamufunsa ngati amadziwa kusambira.

"Munayankha chiyani?"

"Ndinati pang'ono."

Pofika mu Epulo ndinkayenda m'nyumba ndi ndodo imodzi, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba lina mphunzitsi wanga sanabwere, Lachitatu chimodzimodzi. Sabata yotsatira ndinamupeza atakhala pampando m'mphepete mwa dziwe atavala malaya ndi nsapato, ndodo ili pakati pa mawondo. Mtima wake unali utaphonya, ndipo madokotala anamuletsa madzi. Ananena zimenezi ngati akunena za munthu wina, koma maso ake sanachoke pamadzipo. Oyang'anira dziwe anandiuza mwaulemu kuti munthu wosakhazikika pamiyendo ngati ine saloledwa kutsika yekha. Payenera kukhala wina m'madzi womugwira. Mwana wanga ankalowa ntchito m'mawa n'kutuluka madzulo. Wina ndinalibe.

Masabata awiri ndinapita ndi kubwerako wouma, ndipo mwendo unayamba kubwerera kumene unachokera. Chitsulo chimene ndinachiika kuseri kwa chitseko ndinachitulutsanso. Ndinayambanso ulendo wanga wa kuchipinda ndi kukhitchini. Abale ankatumiza zithunzi za mchenga ndi miyala zitaunjikidwa pamanda, ndipo ine ndinkazitsegula ndi kuzitseka, kuzitsegulanso, ngati kuti njira ija ifupika ndikaiyang'anitsitsa.

Tsiku lina tili pabenchi la m'mphepete mwa dziwe, ine nditavala kabudula poyembekeza kuti mwina woyang'anira wina andichitira chifundo, mkulu uja anandifunsa kuti mayi amene amakhala m'galimoto panja ndi ndani. Ndinati ndi mkazi wa mwana wanga. Anafunsa ntchito yake, ndinamuuza. Anaimirira, nati akupita kukamwa madzi. Ine sindinaganize kanthu. Patapita kanthawi ndinamva mawu ake akubwera, ndi mawu ena amene ndinawadziwa ndisanaone mwini wake. Tsiku limenelo magalasi ndinali nditavala. Mpongozi wanga anaima pakhomo, ndipo anaona apongozi ake ali chifuwa pamtunda, mimba panja, chipsera cha opaleshoni chikuonekera pansi pa kabudula. Anatembenuka ngati waponda moto. Ine ndinatambasula dzanja kuti nditenge thaulo, chitsulo chinagwa, ndipo phokoso lake linamveka dziwe lonse.

"Ndalakwa chiyani?" mkulu uja anafunsa. "Mayiyu amasambitsa amuna okalamba kuposa inu tsiku ndi tsiku."

"Amenewo sanabale mwamuna wake."

"Ndiye mwendo uwole chifukwa cha ulemu?"

Ndinatola chitsulo changa n'kupita kukavala. Masiku atatu otsatira mpongozi wanga ankasiya chakudya changa patebulo n'kuzimiririka ndisanatuluke m'chipinda.

M'masiku atatu amenewo ndinakumbukira chinthu chimene ndinayenera kuchikumbukira kalekale. Kuthawana kwa apongozi sikukhala mpaka imfa. Ine nditakwatira ndinkathawa amayi a mkazi wanga, kulowa m'chimanga ndikawaona panjira, kufikira mwana wathu woyamba atayamba kuyenda. Pamenepo iwo anandiitana pamaso pa akulu, nandipatsa nkhuku, nati kuyambira lero ndinu mwana wanga, tizidyera pamodzi. Mwambowu amauyamba ndi wamkulu, wamng'ono sangaupemphe. Kwa mpongozi wathuyu, amene akanakonza zimenezi ndi mkazi wanga, ndipo tinkanena kuti tidzachita tikadzapita tonse kumudzi. Mawa, mawa, mpaka iye anapita yekha. Chotero mwana wa eni anagwada pakhomo langa zaka khumi ndi ziwiri chifukwa cha kuzengereza kwanga, ine n'kumayesa kuti ndikusunga mwambo, pamene ndinali nditausiya pakati.

Nkhuku yamoyo ku Rotherham sindikanadziwa koipeza. Loweruka ndinakwera basi ndi chitsulo changa kupita kusitolo, ndinasankha nkhuku yathunthu ya mufiriji, yaikulu kuposa zonse, ndi kuipachika m'jumbo pachitsulopo. Inkandimenya bondo njira yonse. Mwambo umafuna mboni yachikulire, ndipo wamkulu kuposa ine amene ndinkamudziwa m'tauni muno anali mmodzi yekha. Anabwera Lamulungu masana atavala jekete ndi tayi, nakhala pasofa mowongoka ngati ali m'khoti. Ndinamufotokozera kuti ntchito yake ndi kuona basi.

"Ndi ntchito yokhayo imene madokotala andisiyira," anatero.

Mwana wanga anaitana mkazi wake. Anabwera, nagwada pafupi ndi chitseko monga mwa masiku onse. Ndinamuuza kuti asendere, ndipo anasendera pang'ono.

"Mayi," ndinatero, "mwatisunga, mwatibalira adzukulu, mwatiikira maliro. Chimene ndikuchita lero chinayenera kuchitika apongozi anu aakazi ali moyo, ndipo kuchedwa kwake ndi mlandu wanga, si wanu. Landirani nkhuku iyi. Kuyambira lero musandithawenso. Ndinu mwana wanga."

Analandira ndi manja awiri. Nkhukuyo inali itauma gwa ndi kuzizira, ndipo anayesa kuigwira mwaulemu, kuisuntha kuchoka dzanja ili kupita linalo, mpaka anaiika pamiyendo. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ndinayesa kuti akulira, ndipo mwina analiradi, koma kunalinso kuseka. Kenaka anatukula mutu nandiyang'ana m'maso koyamba.

"Zikomo, bambo. Tsono poti mwanditsegula pakamwa, ndinene. Masabata awiri oyamba aja thaulo lanu linkanunkha madzi a pampopi. Ndine ndinkachapa."

"Munadziwa?"

"Ndinadziwa tsiku loyamba. Koma ndikanakuuzani bwanji?"

Mwana wanga anafunsa kuti ndi masabata ati amenewo, ndipo mkazi wake anangoweramira nkhuku yake. Mboni yathu inafuna kudziwa ngati mwambo watha ndiponso ngati nkhukuyo idyedwa lero lomwe. Inadyedwa mawa lake, itasungunuka, tonse tili patebulo limodzi.

Lachitatu mpongozi wanga analowa m'madzi atavala malaya a mikono yaitali ndi buluku la masewero. Nayenso sankadziwa kusambira, koma madzi a pachifuwa samiza munthu woimirira. Ndinaika manja pamapewa ake. Mkulu uja anakokera mpando wake m'mphepete penipeni, namenya ndodo pansi.

"Mayi, musamuchitire chifundo. Akatsamira kumanja mukankheni. Bambo namwino, mukuyang'ana kudenga kuli chiyani? Yang'anani mwana wanuyo."

"Bambo, mwendowo mukuukoka," anatero mpongozi wanga.

"Sindikuukoka."

"Mukuukoka. Tukulani bondo."

Zaka khumi ndi ziwiri sanandiuzepo ngakhale kuti kolala yapindika, ndipo tsopano ankandilamula ngati kapitawo wa pamsewu. Tinachita zimenezi mwezi wa Meyi wotsalawo, Juni yense ndi theka la Julaye. Mphunzitsi wathu sanaphonye tsiku, ngakhale kuti ankafika akupuma movutika, ndipo nthawi zina ndinkaona mapewa ake akuyenda okha pampandopo, kutsata munthu wina wosambira kutali.

Tsiku la mayeso linali Loweruka m'mawa. Ndinasiya chitsulo ndi ndodo m'nyumba. Mwana wanga ankanditsata kumbuyo, mkazi wake ali pambali pake. Pokwerera basi ndinafika, ndinagwira mtengo wake, ndinatembenuka. Pobwerera, nditatsala ndi nyumba zisanu ndi imodzi, mwendo unayamba kunjenjemera, kenaka unangoti zii, ngati suli wanga. Ndinagwira mpanda wa eni ake ndi kuima pamenepo. Masabata awiri aja a pampopi ndi awiri ena a pabenchi anandipeza pamenepo.

"Adadi," mwana wanga anatero mofatsa, "pangano ndi pangano. Apa ndi pamsewu wosalala. Kuja kuli miyala."

Sananame.

"Ndipita nawo ine," anatero mkazi wake. "Ndiziwagwira mkono. Akatopa tiziima."

"Kumudzi? Pamaso pa azakhali? Ukudziwa zimene akanene?"

"Akanene. Nkhuku ndinadya."

Mwana wanga anayang'ana ine, nayang'ana mkazi wake, napukusa mutu monga ankachitira mayi ake akagonja. Mpongozi wanga analowetsa mkono wake pansi pa wanga, ndipo nyumba zisanu ndi imodzi zija tinazimaliza.

Lolemba ndinauza mphunzitsi wanga. Sanandiyamikire. Anafunsa kutalika kwa njira ya kumanda, ndipo nditamufotokozera anatseka maso, milomo ikuyenda, akuisandutsa maulendo a m'dziwe, pakuti mtunda uliwonse iye ankauyeza motero.

"Ndi wautali," anatero. "Mwatsala ndi masabata atatu. Lowani m'madzi."

Tinapita mu Ogasiti. Galimoto inatisiya pamsewu, ndipo tinayamba chitunda dzuwa litakwera pang'ono. Amayi amene anali patsogolo ndi madengu anacheuka, naona mkono wa mpongozi uli m'khwapa mwa apongozi ake, nayamba kunong'onezana. Mlongo wanga anaima panjira atagwira pakamwa. Ine ndinalibe mpweya wofotokozera. Tinapuma kanayi, kamodzi pakhwawa, katatu pokwera, ndipo paliponse ndinkafuna kunyamuka mwendo usanalole, mpongozi wanga n'kundikhazikanso pamwala. Tinafika nyimbo yoyamba itayamba kale. Anthu anapatuka, ndipo iye sanandisiye mpaka nditaika dzanja langa pa chiliza.